A Ngolo pa Mzati wa M'depoti

Belu la nkhomaliro likalira m'depoti ya simenti ija, amuna a ndevu zawo ankasanduka ana. Aliyense ankatola tsache n'kumalimbirana kachitini kophwanyika, kukamenya uku ndi uku mpaka kalowe pakati pa matumba awiri. Malamulo? Aaa, kunalibe! Wokuponda phazi ndi amene ankayamba kudandaula.

A Ngolo, amene anapatsidwa dzinali pa unyamata wawo chifukwa chosenza matumba awiri nthawi imodzi, sankajomba ku masewerawa. Koma sabata imeneyo mtima wawo unali m'mwamba, poti kapitawo anali atawaitanira pambali Lolemba.

"Madala, bwana akuti mwakalamba. Ndikuonani mpaka Lachisanu, kenako ndikawauze ngati mphamvu zikadalipo."

Ndiye Lachinayi dalaivala wa lole anakwapula kachitini kaja mopanda chisoni, kanauluka n'kukatera pa chitsulo cha denga, pamwamba pa mzati.

"Tengani makwerero," wina anatero.

"Makwerero a chiyani?" anayankha a Ngolo akuvula nsapato. Ankafuna mbiri imeneyi ikamupeze kapitawo.

Anaukumbatira mzatiwo ngati m'bale wochokera kutali, n'kuupana ndi mawondo. Ankadzikoka pang'onopang'ono, mimba ikukhula chitsulo, fumbi la simenti likuwagwera m'maso. Anzawo pansi anali mluzu wokhawokha.

"Ngolo yakwera phiri lero!"

Atafika pakatikati, manja anakana. Kukwera kosatheka, kutsika manyazi. Agogo a zidzukulu zisanuwa anagwidwa ndi mantha, anadziwa kuti ntchito ija adzichotsa okha.

Anzawo pansi anangoima n'kumawayang'ana.

Dalaivala uja anatola chitsekerero cha botolo n'kuchiponya pansi m'malo mwa kachitini kaja.

"Mwaima chiyani ngati mwaona mzukwa? Tiyeni, nthawi ikutha!"

Palibe anafunsa. Onse anafulatira mzati n'kuthamangira kukhomo, matsache akuwombana, phokoso loposa masiku onse.

Apo m'pamene kapitawo anatulukira. Anakweza maso, a Ngolo anatsitsa awo, n'kuphana maso. Pobisala panalibe. Kenako kapitawoyo, munthu amene chiyambire ntchito sanasewerepo, anatola tsache, nayenso n'kufulatira, n'kudziponya m'gulu muja akukuwa kuti amupatsire.

A Ngolo anatsetsereka mwakachetechete, zikhatho zikupsa. Anakhala pansi kuti avale nsapato.

Belu litaliranso, kapitawo anadutsa pafupi akupukuta thukuta.

"Mwaona, eti?" anafunsa a Ngolo motsitsa mawu.

"Ndaona chiyani? Ine ndimasewera. Bwana anandituma kuti ndione wosenza matumba, za anyani sanatchule. Dzukani madala, lole ikudikira."