Gizela Waulutsa Amayi Ake pa Wailesi

Wolakwa ndi Gizela, musamuikire kumbuyo. Mwana ameneyu anaba mawu a mayi ake omubala, Mayi Hortência a ku Matundo, n'kukawamwaza pa wailesi ngati madeya a nkhuku.

Mayi Hortência ndi mkazi wamasiye, amagulitsa nsomba zamchere pamsika. Nsomba zomwezo ndi zimene zinatumiza Gizela ku yunivesidade, tsidya la Zambezi, kukaphunzira Komunikasau. Mayiwo atafunsa kuti chimenecho n'chiyani, mwana anati ndi maphunziro a kulankhulana. Kulankhula n'kophunziranso? Mwana woti anayamba kubwebweta mano asanamere? Komabe anati apite, mwina adzawerenga nkhani pa televizau atatchena.

Tsono panali Bambo Mateus, okonza njinga zamoto, nawonso ofedwa. Anafunsira Mayi Hortência, iwo anakana. Anafunsiranso, anakananso. Wokulira ku Angónia aliyense, monga Mayi Hortência, amadziwa kuti mkazi wolongosoka salola msanga. Amakana, mwamuna n'kumabwerabwera mpaka aoneke kuti watsimikiza. Bambo Mateus ankabweradi. Lero thumba la makala, mawa akhoma lata lodontha. Zinthu zinkayenda bwino lomwe.

Tsiku lina Gizela anatulukira pamsika.

“Amayi, lero ndikuthandizeni.”

Mwana woti fungo la nsomba limamuchititsa nseru! Chonsecho aprofesora anali atamutuma iye ndi anzake a m'kalasi kukatola mawu a amayi apamsika, mmene amachezera akakhala paokha. Iye anabisa telefoni, ikujambula mawu, pansi pa chiguduli chofunditsa nsomba, n'kumanamizira kuingitsa ntchentche.

A Virgínia, komadre wawo, ndiye kuti mnzawo wapamtima, ogulitsa matimati pambali pawo, anayamba kutokosa.

“Komadre, bambo a njinga aja mudzawapha ndi maganizo. Aloleni.”

“Kulola ndidzawalola, inu. Akamadutsa apa nkhongono zanga zimazizira. Koma ayambe akhetsa thukuta. Chitseko cha bafa sanakonze.”

Loweruka mawu amenewo anatuluka pa wailesi, mu pulogalamu ya ana a sukuluwo. Bambo Mateus anali m'shapa, minibasi ija, yomwe inaima pamlatho kumbuyo kwa magalimoto a malasha. Woyendetsa anakweza wailesi. Mawu a Mayi Hortência sasowa, Matundo yense anagulako nsomba. Mayi wina anatembenuka.

“Bambo a njinga si awa?”

Shapa yonse nthungululu. Mpaka kobradoro, wotolera ndalama, anawagwira chanza.

Lolemba Bambo Mateus anafika pamsika chimanjamanja, malaya atapisira, mano onse pamtunda. Ogulitsa onse anasiya malonda.

“Mayi, nkhongono zadzuka bwanji lero?”

Msika unagwa ndi phwete. Mukanakhala inu mukanatani? Kulola pamenepo, anthu azinena kuti Hortência anachita kudzigulitsa pa wailesi ngati mankhwala a makoswe? Mayiwo anaimirira, nsomba ili m'manja.

“Chokani apa! Mutatsala nokha mu Tete muno, bola ndikwatiwe ndi tonde wa ku Changara!”

Bambo Mateus anabweza mano. Anavula chipewa, n'kutembenuka. Kukana konse kwa m'mbuyomu sankakulabadira, koma uku, komwe kunali kongotchinjiriza manyazi, ndi kumene anakukhulupirira. Amuna! Sanabwerenso. Sabata isanathe anaoneka akukhoma miyendo ya tebulo la matimati la a Virgínia, eni ake akuwagwirira misomali uku akuseka ngati kamtsikana.

Mayi Hortência anamudikirira Gizela pakhomo.

“Iwe, ndi zimene ukuphunzira kumeneko? Kubisalira anthu?”

“Dzina lanu sindinatchule, Amayi. Aprofesora akuti ntchito yanga yaposa ya onse. Akuti mawu anu ndi amoyo.”

“Ntchito yako? Pakamwa ndi panga, nkhongono ndi zanga, iwe wangoikapo telefoni!”

“Mukutchuka, Amayi. Anzanga akufuna kukuonani.”

“Adzandione kumanda. Tamvera kuno. Poti ndiwe katswiri wa kulankhulana, pita kwa a Mateus. Usanene kuti ndakutuma ndine. Ukangowadutsira, uwauze kuti tonde uja anali wa mkwiyo chabe.”

Gizela anakonza magalasi ake, omwe ngakhale dotolo sanamulembere.

“Sindingathe, Amayi. Mtolankhani salowerera nkhani imene waulutsa. Ndi lamulo la ntchito yathu.”

Lamulo! Pobisa telefoni m'nsomba lamulo linali kutchuthi? Chipande chinauluka, koma mwanayo anali atafika kale pamsewu.

Ndiye zinthu zaima pamenepo. Mkazi sangapite yekha kwa mwamuna kukamuuza kuti bwerani mudzandifunsirenso, pakamwa pake pangapse. Amene akanamutuma ndi komadre wake, ndiye uyo akugwira misomali. Mwana wophunzira ndiye uyo ali ndi lamulo. Inu amene mwawerenga mpaka apa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munaseka nawo m'shapa muja, musangotseka buku n'kukhala chete. Akawauze a Mateus ndani? Ndiyankheni!