Akagogoda, Adzuke Ndani?

Ndinataya mkazi wanga Nambewe, khanda lathu, ndi tulo tabwino. Tsiku lomwe anamwalira tinadikira pabenchi ya chipatala, madokotala ali pamsonkhano.

Usiku wina ndinalota ndili pakati pa akatswiri ofufuza za misonkhano, tikusonkherana mafunso otsogolera kafukufuku wawo. Wina anati, "Chimatalikitsa msonkhano n'chiyani?" Ine ndinati, "Lembani ili: munthu akagogoda, adzuke ndani?"

Pomwepo nkhope zawo zinasanduka za madokotala aja. Chitseko chinazimiririka, m'mabotolo a madzi munadzaza mchenga wotentha. Ankamenya khoma akulira, "Achimwene, titulutseni!" Ndinayankha mofatsa, "Tidakali pa mfundo yoyamba."

Zinandikomera, ndipo n'zimene zikundiopsa. Kodi Nambewe akanavomera? Pabenchi paja anandikoka malaya, nati, "Musagogodenso, bambo. Atuluka posachedwa."