Dzungu Lovala Chipewa cha Achimwene

Achimwene anga a Pan-sul ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndipo m'zaka zonsezo sanamverepo mawu a munthu wamng'ono kwa iwo. Ine Mal-sun ndine chitsiriza m'nyumba mwathu, sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, ndiye kwa iwo pakamwa panga ndi polowera mpunga basi.

Sabata yodula kabichi wa kimchi, ndiwo zathu zowawasa zosungira chisanu, paipi ya utsi ya kalole kathu inathothoka n'kumakwekwereza pansi. Achimwene anaimika kalole pabwalo n'kutulutsa jeke yawo. Mukanaiona jekeyo! Yofiira, yonga botolo lonenepa, yogulidwa mayi athu akadali ndi mano. Kalekale inawathandiza kuzula galimoto m'ngalande ya kumunda wa mpunga. Ndiye chaka chilichonse, tsiku lomwe timathira mowa woyera wa mpunga pamatayala kuti ngozi zitilambalale, iwo amamwetsanso jeke. Kapu yodzaza, pamutu penipeni. Akatero amaiponya m'shedi chogona, khosi lake lachitsulo lili panja, osalipukuta.

Mwana wawo Byeong-ho, bambo wa imvi zake yemwe amakonza mabasi m'tauni, anali atabwera kudzathandiza kukolola. Anaima pambali atanyamula timiyendo tiwiri tachitsulo togwirizira galimoto.

"Bambo, khosi la jekeli lachita dzimbiri," anatero motsitsa mawu. "Dzimbiri limang'amba kamphira ka m'kati, mafuta n'kumathawa. Taonani panyowapa. Mwina tikanaikako timiyendoti."

"Jeke iyi inkanyamula galimoto iwe ukunyowetsa matewera."

"Inde, bambo."

Inde bambo! Munthu wodziwa ntchito, waweramitsa mutu, wabisa timiyendo kumbuyo ngati waba. Achimwene anapopa jeke, anachotsa tayala lakumbuyo kuti alowe bwino, n'kuyala katoni pansi. Mtima wanga unawira. Ine ndinasambitsapo mtembo wa mwamuna yemwe thirakitala inamugonera pachifuwa. Anali wanga mwamunayo.

"Achimwene, musanalowe mmenemo mundiuziretu komwe mwaika zovala zanu za m'bokosi la maliro, ndisavutike kufunafuna."

"Pakamwa pako, Mal-sun!"

"Jeke ntchito yake n'kukweza, si kusunga munthu. Chidakhwa chanuchi mwachimwetsa zaka makumi atatu, lero mukufuna chikuimirireni chilili?"

"Pita kukhitchini. Za zitsulo uzidziwira kuti iwe wosatha kulemba dzina?"

Ndinapitadi kukhitchini. Ndinaphula msuzi wa nsomba zouma usanapse n'komwe, ndinayala mbale pakatebulo, kenako ndinakuwa kuti chakudya chikuzizira. Pamenepo pokha achimwene satsutsa. Mpunga ukaitana, ngakhale nyumba ikupsa amavula nsapato n'kukhala pansi.

Atangonyamula supuni, ine ndinati ndikukatenga tsabola kunja. M'chipinda chawo, pakona yofunda, munali dzungu lawo lalikulu lachikasu, lija anaonetsa mudzi wonse, losungira phala la m'chisanu. Ndinalikunkhuniza kudzera khomo lakuseri. Ndinalikhazika pakabokosi, ndinaliveka chipewa chawo chobiriwira cha bungwe la alimi, ndipo ndi nsungwi yoyanikira zovala ndinalikankhira pansi pa kalole, pomwe pakanakhala mutu wawo. Ndinakankha ndi nsungwi, mwamva? Ndine wosaphunzira, koma si wopusa.

Ndinabwerera m'nyumba ndilibe tsabola. Tsopano mantha anandigwira. Nanga jeke ikapanda kutsika? Akalowa monyada, ndipo sadzamveranso munthu mpaka tsiku lomwe idzatsikedi. Ndinawaonjezera mpunga. Ndinawathirira mowa. Byeong-ho anatembenuzira nkhope kumbali pomwa wake, monga timachitira pamaso pa akulu, maso ali pa ine, akudabwa kuti azakhali ayamba liti ulemu. Ndinayambitsa nkhani ya malire a munda wa adyo, yomwe achimwene akaiyamba salekeza. Anailekeza. Anaika timitengo todyera pansi n'kugwira bondo kuti adzuke.

Kunja kunamveka kulira kwa chitsulo, pang'onopang'ono ngati chitseko chakale. Kenako, phwaa!

Tinatuluka ndi masokosi okha. Kalole kanali katapendekera mbali yopanda tayala, khosi la jeke litabwerera lonse m'mimba mwake, mafuta akuda ali tayale pansi. Pansi pa chitsulo chachikulu panali chipewa chobiriwira, chophwatalala ngati chikumba, nthanga ndi matumbo a dzungu zikutulukira m'mbali.

"Dzungu langa!" Achimwene anatembenuka, nkhope ili psuu. "Mfiti ya mkazi iwe! Miyezi isanu ndikulithirira!"

"Lirani dzungu, lirani! Ine ndikanalira ndani?" Mawu anga anamveka mpaka kwa aneba, agalu anayamba kuuwa. "Onani chipewacho! Mutu wanu ndi wouma, ndikuvomera, koma suposa chitsulo. Mukanamusiyira chiyani mwana uyu? Kuti moyo wake wonse azikumbukira kuti anaima apa ndi timiyendo m'manja, akunena inde bambo? Ndipo iwe Byeong-ho, ulemu wakowo ukanaupereka kumanda chaka ndi chaka, ndi mbale ya mpunga!"

Byeong-ho anali atagwada, akukoka chipewa ndi nsungwi ija, ndipo atachitola manja ake anakanika kuchigwira bwino. Achimwene anayang'ana manjawo nthawi yaitali. Anayang'ananso katoni yomwe anayala, nthanga zili mbwee pamenepo.

"Waimiranji?" anamukalipira mwana wawo. "Katenge jeke ya m'galimoto yako. Uike miyala kumatayala akutsogolo. Ndipo timiyendo takoto unagulira kukongoletsa m'manja? Ana a masiku ano, mpaka munthu akuuzeni chilichonse!"

"Inde, bambo."

Anakankhira kalole pasimenti pomwe pali posalala? Ayi, kanali kosayendeka, ndiye Byeong-ho anayala thabwa lochindikala pansi pa jeke yake, anakweza, anakhazika timiyendo, n'kugwedeza galimoto ndi phewa kawiri. Sinasunthe. Apo m'pamene analowa pansi, yekha, bambo ake akumulangiza zomangira paipi zomwe iye amadziwa kale.

Jeke yakale achimwene anaipukuta ndi nsanza, anaiimika chilili pashelefu, ndipo anandipeza ndikutola zidutswa za dzungu m'beseni.

"Sindikulankhula nawe mpaka chaka chatsopano," anatero.

"Zili bwino. Phalali muthira shuga kapena mchere?"

Anapukusa chipewa chawo chonona.

"Mchere."

Mowa wotsala m'botolo, gawo la jeke la chaka chamawa, ndinamwa ndine.