Mtovu wa pa Benzi ya a Lyson

A Lyson imfa yawo ankaiyembekezera m'mateyala. Ena zaka zimenezo ankaopa chakudya cha pamsonkhano, ena mowa wa pamaliro, koma iwo mantha onse anali pa miyendo inayi ya Benzi yawo yakuda. Sitingawaseke kwambiri. Akuluakulu a boma ndi a chipani ankangothothoka ngati mango, lero munthu ali pa wailesi, mawa dzina lake palibe wolitchula. A Lyson, mwana wa kwathu konkuno kwa Mwambo amene anakwera mpaka kukhala ndi ofesi ya kapeti ku Blantyre, ankadziwa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mateyala ankasankha okha. Akale omata mphira yatsopano pamwamba sankafuna ngakhale kuwayang'ana. Latsopanolo ankalisisita, kulinunkhiza, kulowetsa chala m'mizere yake, kenaka n'kuima chilili pagalaja jekete ili m'manja mpaka makaniko atamaliza. Makanikoyo akaika teyala pa limu ankazunguza gudumu pa makina, n'kukhomera timitovu ting'onoting'ono m'mphepete mwa limu kuti gudumulo lizizungulira mofanana, galimoto isamanjenjemere ikathamanga. Timitovuto a Lyson ankatiyang'ananso.

Dalaivala wawo anali Thomson wa ku Songani, munthu wofatsa, wa ana ambiri, amene mkate wake unali Benzi yomweyo. M'mawa uliwonse ankayeza mpweya, kukungitsa manati ndi sipanala, kuzula timiyala tolowa m'mizere, bwana akusuzumira pawindo. Thomson ankati bwana wake ngwabwino, kungoti sagona tulo.

Nthawi yokolola mpunga a Lyson anabwera kumudzi kudzaona bambo awo, a Fanuelo, nkhalamba ya msodzi imene inakana kwamtuwagalu kusamukira m'tauni. Msewu wa kunyanja kuno suchitira ulemu galimoto ya munthu. Atatsala pang'ono kufika, teyala lakumbuyo linaphwa, ndipo jeke inkangomira mumchenga. Amene anathamangira ndi thabwa loti aikepo jekeyo anali Enoki, woyandikana nyumba ndi a Fanuelo, mlimi wa mpunga amenenso ankakonza njinga. Anagwada, anathandiza kumasula manati, anakweza sipeya. Vuto la Enoki linali pakamwa. Ndi yemwe uja anafunsa tsiku lina pamsika kuti kodi mwana wa m'mimba khadi la chipani aliika m'thumba liti. Tsiku limeneli ali chigwadire anati galimoto ya mafumu ngati imeneyi kugonja kwa munga umodzi n'zomvetsa chisoni. Anthu anaseka. A Lyson sanaseke.

Benzi inatha masiku angapo pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikudziona pa zitseko zake. Pobwerera, msewu wafumbi wonse panalibe chachilendo, popeza pamenepo galimoto iliyonse imavina. Atapitirira Zomba n'kuponda moto paphula, chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja mwa Thomson. Akachepetsa liwiro chinkaleka, akaonjezera chinkayambiranso, mpaka magalasi a bwana anatsetserekera pamphuno. A Lyson analamula kuti aime. Anatsika, anazungulira galimoto, anawerama, ndipo ataweramuka nkhope inali itayera ngati phulusa. Timitovu tonse panalibe. Pa limu iliyonse panangotsala zipsera za mpeni.

Makaniko wa ku Blantyre anangothira mafuta pamoto. Anati kamtovu kamodzi kakhoza kugwa kokha m'msewu woipa, koma tonse, magudumu onse, limenelo ndi dzanja la munthu. Sananame ayi. Koma munthu wamantha ukamuuza kuti ndi dzanja la munthu, iye amamva kuti ndi dzanja la mdani.

Madzulo ake a Lyson anamuitanitsa Thomson pakhonde n'kumufunsa amene anakhudza magudumu kumudzi kuja. Anafunsa mofatsa, maso ali pa manja a Thomson yemweyo. Thomson anaona kuti funsolo lili ndi mayankho awiri okha, iye mwini kapena wina. Anati palibe, kupatula Enoki uja anathandiza pa jeke. Sanamunamizire kanthu. Anangonena zimene zinachitika, koma anazinena mwamsanga kwambiri.

Sabata lisanathe kumudzi kunafika Landirova. Enoki anamupeza pamunda akumenya mpunga, anamukweza ali chimbulanda cha kumtunda, malaya atawasiya pachitsa. Chifukwa chake sananene, ndipo palibe amene anafunsa, pakuti masiku amenewo kufunsa chifukwa kunali kupempha malo m'Landirova momwemo. Tonse tinangoti ndi pakamwa paja. Ukayenda siya phazi, tinkanong'onezana choncho, ukasiya mlomo ukutsata. Mkazi wake Estere anatsala ndi ana ndi mpunga wosamenya, ndipo anthu tinayamba kudutsa kuseri kwa nyumba yake m'malo mwa pabwalo. Zimenezi ndimachita nazo manyazi m'malo mwa mudzi wonse.

A Lyson kutauniko nkhani anaipereka kwa oyenera kuimva. Anati kunyanja kuli anthu ofuna kupha atumiki a boma, ndipo akuluakulu anawayamika chifukwa chokhala maso. Anaikitsa timitovu tatsopano, nagulanso mateyala ena onse ngakhale akalewo anali asanathe.

Patapita miyezi anamutuma Thomson kumudzi pa galimoto ina kukasiya shuga ndi bulangete kwa nkhalamba ija, abwereko ndi milamba yowamba. A Fanuelo anali kudooko, pansi pa kamsasa kaudzu, akusoka ukonde. Anamulandira bwino, anafunsa za ana, anadandaula kuti madzi akuthawa chaka chino ndipo matemba achepa. Kenaka, monyadira ngati munthu woonetsa mkamwini wolima, anakoka chingwe cha pansi cha ukondewo kuti Thomson aone.

Asodzi a kuno amamangirira timiyala kapena timibulu ta dothi lootcha kuchingwe chapansi kuti ukonde umire. Pa chingwe cha a Fanuelo panali timitovu, topindidwa bwinobwino ndi nyundo, tina tikadali ndi kangowe kake kokolera pa limu.

"Izi munazipeza kuti, bambo?" anafunsa Thomson.

"Pa galimoto ya mwana wangayo. Zinangokakamira m'mphepete mwa magudumu, zopanda ntchito. Ndinakokonola ndi mpeni tsiku lija munapita kutchalitchi. Miyala imaduka, koma izi zimamira ngati ng'ona. Mukadzabweranso nayo mundiuze, ukonde winawu ulibe."

Thomson anachisiya chingwecho. Anafunsa ngati anauzako a Lyson. Nkhalambayo inaseka n'kunena kuti munthu sapempha chilolezo potola zinyalala pa katundu wa mwana wake amene anamuphunzitsa ndi ndalama za milamba. Kenaka, osadziwa kanthu, inayamba kudandaula za Enoki, kuti anali mnansi wabwino, ankawakonzera njinga ulere, koma nanga pakamwa paja. Thomson anatsegula pakamwa kuti anene. Pafupi panali amuna awiri akukhoma bwato, ndipo mmodzi anali atasiya kukhoma. Thomson anatseka pakamwa pake.

Ulendo wobwerera anayendetsa ngati wanyamula mazira, mutu uli pa Enoki. Ankadziuza kuti nkhani ndi yosavuta: bwana akamva aseka, aimba lamya, munthu atuluka. Anaibwereza nkhaniyo mumtima kangapo kuti akainene bwino, mosaoneka ngati akuloza chala bambo a bwana.

Anawapeza bwanawo m'galaja ya kunyumba kwawo, atanjuta, akuunika manati. Anafotokoza zonse. A Lyson sanaseke, sanakalipenso. Chala chawo chinkangoyenda m'mizere ya teyala. Funso lawo loyamba silinali la Enoki ayi. Anafunsa kuti winanso amene waona ukondewo ndani. Thomson anati sakudziwa, ukonde umakhala poyera. Anafunsanso ngati Thomson wauzako mkazi wake, kapena madalaivala anzake, ndiponso chimene chinamufikitsa kudooko pamene anatumidwa kunyumba ya nkhalambayo. Thomson anayankha zonse, ndipo pamapeto analimba mtima.

"Nanga Enoki, bwana? Munthu uja sanalakwe."

"Ndikauze akuluakulu kuti ndinawanamiza? Kapena ndikawauze kuti chigawenga ndi bambo anga, akawatenge pa msinkhu umenewu?" A Lyson anaimirira, nasasa mawondo. "Ndipo amene anatchula dzina la Enoki si ine, Thomson. Uzikumbukira zimenezo."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Thomson anali ataumva mwambiwu kuyambira ali mwana, koma sanaganizepo kuti pamene khoswe wapulumuka pakhoza kufa wina amene sanayandikire n'komwe mkhatewo. Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya m'mawa inasintha. Thomson akamaliza kukunga manati, bwana ankatuluka n'kutenga sipanala, kubwerezanso okha nati iliyonse. M'galimoto maso awo ankakumana pa kagalasi koonera kumbuyo, aliyense n'kuthawitsa ake. Thomson anaganizapo zosiya ntchito, koma dalaivala wodziwa zambiri akasiya ntchito mwadzidzidzi anthu amafunsa chifukwa, ndipo ana ake anali asanaleke kudya.

Loweruka lotsatira a Lyson anati apite kumudzi. Anatenga katoni ya mitovu yeniyeni ya ukonde yogula kusitolo ya amwenye. Atafika anapita okha kudooko, suti ndi nsapato zili m'thupi, nauza bambo awo kuti awabweretsera zabwino zoposa zija. Anadula timitovu takale tonse ndi lumo, osasiya ndi kamodzi komwe, natiika m'thumba la jekete. Nkhalamba inakondwa, inauza aliyense wodutsa kuti kubala n'kwabwino. Kenaka a Lyson anaitanitsa Thomson, nabwereka bwato la munthu, n'kumuuza kuti apalase pang'ono kupyola mabango. Pamenepo anakhuthulira thumba lija m'madzi. Madzi a Chilwa ndi amatope, kanthu kakamira sikaonekanso. Thomson anapalasa kubwerera kudooko.

Atafika pa mtengo wa mango anapeza Estere akuwadikira. Anali ataonda, mwana kumbuyo, pambali pake pali dengu la mpunga wopuntha kale, woyera, wosankhidwa bwino. Anagwada patali ndithu ndi galimoto. Anati wayenda kupolisi, wayenda kuboma, kulikonse akumuuza kuti dzina limenelo sakulidziwa. Anati sakufunsa chimene bambo a ana ake analakwa, zimenezo n'za akuluakulu. Akungopempha kuti a Lyson, popeza ndi mwana wa mudzi uno ndipo amalowa m'maofesi amene iye sangalowe, amufunsireko kumene ali, kaya ali moyo, kuti mwina awatumizire malaya.

A Lyson anamvetsera mutu uli pambali, monga achitira anthu akuluakulu. Anati nkhani zoterezi n'zovuta, zimafuna kuyenda nazo mwakachetechete, ndipo Estere asamapitenso m'maofesi chifukwa akhoza kuononga zinthu. Anati ayesetsa. Estere anaomba m'manja, misozi ikutsika, nakankhira dengu kutsogolo. A Lyson analowa m'galimoto n'kutseka chitseko.

"Thomson, landira mpungawo uike kubuti," anatero pawindo.

Thomson anapita pamene Estere anagwada. Mkaziyo ananyamula dengu ndi manja awiri, nalankhula motsitsa kuti bwana asamve.

"Achimwene, inu mumakhala nawo tsiku ndi tsiku. Akuluakulu amaiwala. Muziwakumbutsa, chonde. Bambo a kunyumba ankakutamandani, ankati dalaivala uja ndi munthu."

Dengulo linali lolemera, ndipo Estere sanalisiye mpaka atamva yankho.

"Ndiziwakumbutsa, mayi," anatero Thomson.