Mbuzi ya Chinkhoswe m'Buti ya Mustang

Ife Amalawi tili ndi matenda amodzi omwe tinawoloka nawo nyanja. Munthu akangomveka kuti ali ndi ulendo, galimoto yake imasanduka ya tonse. Kuno ku South Bend ukanena kuti mawa ukupita ku Indianapolis, pofika madzulo uli ndi katundu wa mabanja angapo, komanso munthu wamkulu woti akhale kumpando wakutsogolo.

Lucia ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake za ulendo wake wa Loweruka lomaliza la Okutobala sanauze munthu kupatula mwamuna wake. Iye ndi namwino, ndipo kuntchito ankapita pa galimoto ya Mustang yofiira, ya injini yaikulu, yoti ikalira m'mawa agalu a m'dera lonse ankayankha. Nyengo yonse yotentha, akaweruka kuchipatala, ankavala ovolosi n'kulowa pansi pa galimotoyo. Ankafuna kukaithamangitsa pabwalo la mpikisano, uja magalimoto awiri amaima moyandikana, getsi lobiriwira likayaka n'kuchomoka molunjika mpaka pamzera wakutsogolo.

Vuto la galimotoyo linali ponyamuka. Akaponda mwamphamvu, matayala akumbuyo ankangozungulira pamodzimodzi n'kumadumpha, utsi tolotolo, galimoto osasuntha. Ndiye Lucia anasintha mashoko, zija zimaletsa galimoto kunjanja pamabampu. Kutsogolo anaika ofewa kuti ponyamuka mphuno izidzuka, kulemera konse kuzitsamira kumbuyo. Kumbuyoko anaika okhala ndi kachitsulo kopotokola, kuti popita kuntchito aziwafewetsa, pabwalo aziwalimbitsa. Pomaliza anagula matayala awiri otakata, a labala wofewa womata pansi, koma amizera yosaya. Amenewo ndi apabwalo basi, pamvula amaterera ngati therere. Maganizo ake anali oti ayende ndi matayala a masiku onse, apabwalowo awanyamule m'kati, akasinthe akafika.

Bwalolo linali kumadzulo kwa Indianapolis, ndipo Loweruka limenelo linali tsiku lomaliza lisanatsekedwe mpaka chisanu chithe. Podzatsegulidwanso, Mustang idzakhala itapita. Ana awiri a malemu mkulu wake ankabwera mu Disembala kuchokera ku Zomba kudzakhala naye, choncho iye ndi mwamuna wake Dixon anagwirizana zoigulitsa kuti agule galimoto yokwana banja. Anawo Lucia ankawafuna ndi mtima wonse. Koma kugulitsa galimoto imene waivutikira chonchi asanailawe n'komwe, zimenezo zinkamuwawa.

M'mawa wa Loweruka, Lucia akukankhira tayala lachiwiri pampando wakumbuyo, pakhomo panaima galimoto. Munatsika a Magdalene, amayi aakulu ampingo amene anamusunga Lucia m'nyumba mwawo atangofika kumene ku Amereka. Mpongozi wawo anatsitsa katundu n'kuthamangira kuntchito. Panali mabokosi awiri oziziritsira odzaza nyama ya mbuzi yokaphetsa kufamu, mapoto aakulu, matumba a nkhwani ndi mpiru wam'dimba mwawo, ndi mtolo wa zitenje. Zonsezo zinali za chinkhoswe cha mawa lake ku Indianapolis.

"Mwadzuka bwanji a Lucia? A Dixon atiuza kuti mukupita ku Indy," anatero a Magdalene. "Mulungu ndi wabwino, tinali titasowa thiransipoti. Mukangotisiya kwa a Joan ku Lafayette Road, komwe akuphikira za chinkhoswe, basi."

Lucia anacheukira Dixon. Bambo uja mwadzidzidzi anapeza chinthu chochititsa chidwi kudenga la galaja.

"Ndinangoyankha funso kukwaya," ananong'ona.

Amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma Lucia anasowa poiviika. Akananena chiyani? Kuti pepani Amayi, malo atha, ndanyamula matayala okachitira mpikisano wa magalimoto? Munthu amene anakudyetsa usanadziwe pokwerera basi sumuuza zotero. Anagwira dzanja la a Magdalene ndi manja awiri, n'kuwapempha kuti alowe m'nyumba amwe tiyi.

Kenako anachita chinthu chimene iye mwini ankadziwa kuti n'chopusa. Anatulutsa matayala apabwalo aja, n'kuika jeke, n'kuwamanga pomwepo. A masiku onse anawasiya pakona, ndipo m'galimoto momwe munali matayala muja munalowa mbuzi ndi mapoto.

"Lucia, forecast ya zanyengo ikuti kugwa mvula mpaka ku Kokomo," anatero Dixon.

"Mukanaichekera kukwaya komweko forecast yanuyo."

Mpando umene akanakhala Dixon anakhala a Magdalene. Dixon anatsala pakhomo akubayibitsa, ndipo kunena zoona zinamuyenera.

Mvula inawapeza atangotuluka m'tauni. Kumbuyo kwa galimoto kunayamba kugwedezeka pakathaphwi kalikonse, ndipo Lucia anachepetsa liwiro mpaka magalimoto aakulu akatundu ankamupitirira akumuthira madzi. Mantha anali nawo enieni, poti wanyamula mayi wa anthu.

"Galimoto yanuyi ndi phokoso lokhalokha," anatero a Magdalene akusenda nthochi. "Kulira ngati ndege, kuyenda ngati ngolo."

Atadutsa Kokomo mvula inakata, msewu unauma, dzuwa linatuluka. Koma Lucia atayang'ana wotchi mtima unagwa. Kubwalo ankasiya kulandira magalimoto dzuwa likangopendeka, ndipo nthawi yotsalayo inkakwana chinthu chimodzi chokha, kukatula a Magdalene kwa a Joan kapena kukafika kubwalo. Sanavutike n'kusankha. Anangoti basi, sizinali zanga, ndipo misozi inayamba yokha.

A Magdalene anamuyang'ana m'mbali. Kenako anawerama n'kutulutsa chipewa cholimba chomwe chinkawagunda kumapazi chichokereni ku South Bend.

"Ichi n'cha njinga yamoto? Nanga mukulira chiyani, mwana wanga?"

Lucia anawauza zonse, za mashoko, za matayala, za tsiku lomaliza, za kugulitsa. Anayembekezera ulaliki wa momwe mkazi wapabanja ayenera kukhalira.

"A Dixon akudziwa?"

"Akudziwa, Amayi."

"Anthu safa kumeneko?"

"Timavala chipewa ndi lamba. Ndiponso pamakhala ambulansi."

"Ambulansi!" A Magdalene anagwira pakamwa. Anayang'ana minda ya chimanga chouma mtunda ndithu. "Ana a malemu aja, mukutenga onse awiri?"

"Onse."

Chikwangwani cholozera kumene amakhotera anthu opita kwa a Joan chinaonekera, ndipo Lucia anayatsa indiketa.

"Mukukhota kukatani?" anafunsa a Magdalene. "Mbuziyi inafa kale, sikuthamangira kulikonse. Pitani kubwalo kwanuko."

Anafika pageti wolandira anthu akupinda kale mpando wake. Bambo woyendera magalimoto anasuzumira pansi, anagwedeza mawilo, anaona chipewa, kenako anatsegula buti. Anaima kaye pang'ono akuyang'ana nkhwani. Ndiye anati galimoto singalowe pamzera muli katundu womasuka, chilichonse chitsike.

Anatsitsira zonse pakapinga. Pakati pa magalimoto onyezimira ndi azibambo andevu ogwira masipanala, a Magdalene anayala chitenje pabokosi la mbuzi n'kukhalapo, mapoto kumanja, masamba kumanzere, ngati akudikira basi ku Wenela. Anatulutsa foni.

"A Joan, bwerani mudzatenge katundu wanu. Ayi, sitinasochere. Tili kubwalo la mpikisano wa magalimoto. A Lucia akuthamanga. Eee, a Lucia omwewa."

Lucia anangoweramitsa mutu. Nkhani imene anaibisa nyengo yonse ija tsopano inali italowa m'foni ya a Joan, ndiye kuti pofika madzulo imveka mpaka ku Lilongwe. Koma nthawi yochita manyazi analibe. Anagwada kumbuyo kwa galimoto, anapotokola tizitsulo ta mashoko mpaka talimba, anaphwetsa mpweya pang'ono m'matayala kuti agone bwino pansi, n'kukalowa pamzera.

Mzerawo unali wautali. Pomwe nthawi yake inkakwana, a Joan anali atafika, ndipo sanabwere okha. Galimoto yawo yonse inadzaza ndi amayi amene anasiya zophikaphika za chinkhoswe, ena ma epuloni ali m'chiuno. Anakandanda kumpanda.

Lucia anavala chipewa. Analowetsa matayala akumbuyo pamalo onyowetsedwa, anawazunguza mpaka utsi woyera unakwera kuti labala atenthe, kenako anasendera pang'onopang'ono mpaka pamzera woyambira. Pambali pake panali galimoto yakuda, koma sanaiyang'ane. Magetsi achikasu anayaka motsatizana, lobiriwira linayaka, iye anaponda.

Matayala sanadumphe. Anagwira pansi nganganga, mphuno ya Mustang inadzuka, msana wa Lucia unamatirira kumpando. Zonse zimene anamanga ndi manja ake zinachita ntchito yake nthawi imodzi. Anamva munthu akukuwa m'chipewamo, n'kuzindikira kuti ndi iye mwini. Asanapume kawiri anali atadutsa mzera wakutsogolo. Yakuda ija inamutsogolera pang'ono, koma analibe nazo ntchito. Anali wosangalala koopsa.

Pobwerera pakapinga paja anapeza nthungululu zili pakamwa, azungu a m'mbali akucheuka kuti kwagwanji. A Joan anamukumbatira chipewa chili kumutu. A Magdalene okha ndi amene anangoima phee pafupi ndi mapoto, manja ali pachifuwa. Lucia anavula chipewa n'kupita kwa iwo mwamantha pang'ono.

"Mwandiona, Amayi?"

"Ndaona chiyani ine? Utsi uja utangoyamba ndinatsinzina n'kuyamba kupemphera. Pomwe ndimati ameni, inu munali mutafika kale uko."

Amayi aja anaphulika kuseka. A Magdalene sanaseke nawo. Anamanga bwino chitenje m'chiuno, anatenga chipewa chija m'manja mwa Lucia, anachipukuta ndi nsonga ya mpango, n'kumubwezera.

"Kabwerezeninso, mwana wanga. Ulendo uno ndiyang'ana."