Kayendedwe ka Ovide

Ntchito ya Maryse Gauvreau inali yoyang'ana msika umodzimodzi pa masikirini awiri. Kampani yawo ya ku Montreal inkapanga gemu ya pakompyuta, ndipo wosewera ankayenera kusankha Kukongola kapena Liwiro. Ukasankha Kukongola umaona ngakhale thukuta pamphuno pa wogulitsa nsomba, koma zithunzi zimabwera makumi atatu okha pa sekondi. Ukasankha Liwiro zimabwera makumi asanu ndi limodzi, zonse n'kumayenda myaa, koma nkhope za anthu wamba zimangokhala phala. Walira mvula walira matope.

Mumsikamo munali mwamuna wake, Ovide, amene anamwalira nyengo yozizira yapitayi. Osati nkhope yake ayi. Tsiku lina anthu ojambulidwa atachepa, anzake a pakampani pomwepo anamukoka padesiki pake, n'kumuveka chovala chothina cha timipira toyera, makamera n'kujambula kayendedwe kake: phewa lamanzere lotsika, phazi lokwakwaza chifukwa cha bondo lomwe analiwononga ali mnyamata. Kayendedweko anakapatsa bambo wina wa mugemu, wandevu zofiira, wonyamula buledi.

Maryse ankamuona tsiku ndi tsiku pa sikirini ya Kukongola, osamva kanthu. Ndevu zija zinkaoneka mpaka tsitsi limodzilimodzi. Anali mlendo chabe, wobwereka miyendo ya eni. Ndipotu chichitikire maliro Maryse sankamva kanthu pa chilichonse. Khofi anali madzi otentha basi. Anthu akamupepesa ankathokoza ngati amugwirira chitseko. Ku sikirini ya Liwiro sankayang'anako anthu n'komwe. Kumeneko woyesa gemu aliyense amangoyang'ana kanambala ka pakona kowerenga zithunzi pa sekondi, ngati kakutsika kapena ayi.

Masana ena Darnell, mkulu wa gulu lawo, anaima pambali pake akukanda khosi.

"Maryse, msikawu watilemera. Liwiro likugwa mpaka makumi anayi. Tichotsa theka la anthu, mbali zonse ziwiri."

"Chotsani."

"Pa ochotsedwawo pali wabuledi uja."

"Ndamva."

"Aaa iwe, ndimvere kaye. Nditha kumusiya, n'kuchotsa mayi wankhuku uja. Paja ine ndi mayi ameneyu sitimwerana madzi, nkhuku zake zimalowa m'makoma."

"Ndi manambala chabe, Darnell. Chotsa amene wagwera."

Darnell anamuyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino. Gemu yamawa ifufuta yaleroyi. Undijambulire ziwirizi mbali ndi mbali tisanachotse, akuluakulu aone kusiyana kwake."

Maryse anatenga kontirola. Kuti ajambule bwino anayenera kuyang'ana masikirini onse mofanana, ndiye kwa nthawi yoyamba anasiya kanambala kaja n'kuyang'ana anthu a ku Liwiro.

Wabuledi anatulukira pakona. Kumanzere anali bambo wandevu uja. Kumanja ndevu kunalibe, nkhope kunalibe, kunali kabanga kotuwa basi. Koma thupilo linkayenda mosadukiza, ndipo tinthu tomwe zithunzi makumi atatu zinkadumpha tonse tinalipo: kaimidwe kakang'ono phazi lisanafike pansi, kugwedeza mutu ngati akuvomereza nkhani yomwe wadziuza yekha. Nkhope yomunamiza ija itachoka, anatsala Ovide, akuchokera kogula buledi Lamlungu m'mawa.

Maryse zinamupweteka, ndipo anadabwa kuti akadali ndi malo omva kupweteka.

Anakankha kandodo ka kontirola kuti amutsatire, koma munthu wake wa mugemu anathamanga n'kumupitirira. Ndi mmenenso zinkakhalira panjira Ovide ali moyo. Maryse patsogolo, Ovide m'mbuyo akufuula kuti, "Mayi, kodi kwayaka moto?" Maryse anabweza munthu wake uja. Ulendo uno anakankha kandodo theka lokha, mpaka mapazi awo anagwirizana. Anayenda limodzi kudutsa ogulitsa nsomba, kudutsa pampopi, mpaka pomwe msewu umathera. Apo Ovide anatembenuka n'kuyambiranso, monga anamupangira. Maryse anatembenuka naye.

Kugwira kandodo theka n'kotopetsa. Chala chinayamba kuwawa, koma sanakasiye.

Darnell anabweranso atavala kale jekete. "Wajambula?"

"Ayi."

"Nanga nthawi yonseyi umatani?"

Maryse sanachotse maso pa sikirini yakumanja. Mawu anatuluka osasa, ngati a munthu wongodzuka kumene.

"Chotsa mayi wankhuku uja."

Darnell anayang'ana pa sikiriniyo, n'kuvula jekete mwakachetechete, kubwerera kudesiki yake. Pamsika, anthu awiri opanda nkhope ankadutsanso pampopi, palibe wotsogola.