Mfuti za Apongozi Zowombera Ndege

Apongozi anga atapuma pantchito yosunga katundu wa kampani, anagwa m'chikondi ndi masewera a pakompyuta a nkhondo yakalekale, aja umamanga mafakitale, kugula akasinja ndi ndege, kenako n'kukaphwasula likulu la mnzako. Tsoka lake kompyuta inkawakwapula tsiku ndi tsiku, mpaka chakudya chinasiya kuwakomera. Ndiye Loweruka lina anandiitana ine kuti tilimbane.

"Mukagonje," mkazi wanga anandinong'oneza tikugogoda. "Bambo akaluzanso adwala, ndipo inu pakhomo pano simudzapondaponso."

Kugonja mwadala ndi ntchito, anthuni. Tinakhala patebulo lodyera, iwo uko ndi kompyuta yawo, ine kuno ndi yanga. Pamasewerawa pali lamulo limene aliyense amalidziwa: pamene pali mfuti zowombera ndege, ndege sizipitapo. Umayamba watumiza akasinja kukaziphwanya, apo ayi umalambalala. Ndege yanga yaukazitape itadutsa, ndinaona kuti apongozi aunjika mfuti zoterozo palikulu pawo, mizeremizere ngati matambula m'kabati, milatho ndi mafakitale atazisiya pamtetete. Mtima unakhala pansi. Ndinasonkhanitsa ndege zanga zonse zoponya mabomba n'kuzilozetsa pakamwa pa mfutizo kuti zikathere komweko. Manja ndinaika kale kumutu, kukonzekera kudandaula.

Palibe mfuti inalira. Ngakhale imodzi! Ndege zanga zinafika mtima uli zii, zinakhuthula mabomba onse, likulu la apongozi n'kusanduka phulusa. Kompyuta yanga inayamba kuimba nyimbo yachipambano, ine thukuta kamukamu kufunafuna batani lozimitsira mawu.

"Bambo, kodi mfuti zija munazitsitsa m'magalimoto?" ndinafunsa. Pajatu mfutizi zimabwera zili zopakira, ndipo siziwombera mpaka utazitsitsa n'kuzitchera.

"Nditsitse mfuti zanyuwani pafumbi?" anatero apongozi. "Katundu akangotuluka ndiye kuti watha. Ine pantchito yanga sindinatulutsepo chinthu popanda chifukwa chomveka."

"Komatu ndege zinabwera, Bambo."

"Zinabwera mosadziwitsa."

Mkazi wanga anali ataima pakhomo la kukhitchini, maso ake akundilonjeza zosakhala bwino. Apongozi anavula magalasi n'kundiyang'ana. Akuluwa kutchera mfuti sadziwa, koma mutu wawo umagwira.

"Akamwini, inu simunkadziwa kuti mfuti zanga n'zopakira. Nanga ndege zonse zija munazitumiza pamoto chifukwa chiyani? Mumandimvera chisoni kuti ndine nkhalamba yotha ntchito, kapena mwangokhala chitsiru basi?"

Mawu awo ananjenjemera potchula ukalambawo, ndipo apa chisoni chinandigwiradi. Ine amene anzanga onse kuofesi amandiopa pamasewera omwewa, ine amene ndimaphunzitsa ena kutchera mfutizi pamilatho, ndinameza malovu owawa.

"Ndine chitsiru, Bambo. Ndangochita mphumi."

Nkhope yawo inawala nthawi yomweyo. Anavalanso magalasi, n'kutembenukira kuchipinda kumene kunali apongozi aakazi.

"Mayi, tabwerani mudzamve nokha! Zija ndinakuuzani tsiku loyamba kumuona zija, lero wavomera ndi pakamwa pake." Kenako anandisisita paphewa, koyamba chikwatirireni mwana wawo. "Musathamangire kupita, akamwini. Tidyere limodzi."